Mutu 9: Kusankha Mpeni Wosapinda Wolimba pa Mtengo Wofikirika

Khasu limapuma m'chilimwe ndipo nkhwangwa imatha sabata yathunthu ili pakona, koma mpeni umagwira ntchito tsiku lililonse chaka chonse. M'boma la Chiradzulu, kumene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 pa malo osakwana masikweyakilomita 800, minda ndi yaing'ono, choncho mabanja ambiri amadalira madimba, mbuzi, ng'ombe za mkaka zodyetsera m'khola ndi malonda ang'onoang'ono. Zonsezi zimafuna mpeni. Ndiwo umadula kabichi wopita ku msika wa Mbulumbuzi kapena wa Limbe, umasenda chinangwa cha makaka, umang'amba nsungwi za malichero, umadula chingwe cha ng'ombe, ndipo pa ukwati kapena pa maliro ndiwo umazinga mbuzi.

Ambiri timagula mpeni mothamanga, poyang'ana kuwala kwake ndi kutsika kwa mtengo. Komatu mtengo weniweni wa mpeni sudziwika pa tsiku logula. Umadziwika mukawerenga zaka zimene watumikira. Mpeni wotchipa kwenikweni ndi umene mungathe kuunola ndi mwala umene muli nawo pakhomo, ndiponso kuuika chigwiriro china choyambacho chikatha. Zimenezi zimadalira zinthu zitatu zimene siziwala pamaso: mtundu wa chitsulo, mmene chinaphikidwira pamoto, ndi mmene chinalowera m'chigwiriro.

Wopinda ndi wosapinda

Mipeni ilipo ya magulu awiri. Wopinda ndi uja umabisa chitsulo chake m'chigwiriro n'kulowa m'thumba. Wodziwika kwambiri kuno ndi Okapi, umene unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Wosapinda ndi chitsulo chimodzi chochokera kunsonga n'kukalowa m'chigwiriro, popanda polumikizira pena paliponse poyenda.

Wopinda ndi wosavuta kunyamula, koma mphamvu yake yonse imathera pa kamsomali kamodzi kamene chitsulo chimazungulirapo. Kamsomaliko kakayamba kugwedera, mpeni umakana kudula mowongoka, ndipo mukaukanikiza ukhoza kutsekeka n'kukutemani zala. M'kang'alu kamene chitsulo chimagonamo mumalowanso magazi, mafuta a nyama ndi mchenga, zinthu zovuta kutsuka. Wosapinda ulibe mavuto amenewa. Pa ndalama zofanana, umakhala wolimba kuposa wopinda, chifukwa wopanga sanawononge ndalama pa timisomali ndi zotsekera.

Kuchokera ku ng'anjo kufika ku sipuling'i

Luso losula mipeni si lachilendo m'dera lino. David Livingstone atayenda m'mapiri a kummawa kwa Shire mu 1859, ndi pamene anaperekeza Bishopu Charles Mackenzie kukakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo zawo. M'buku limene analemba ndi m'bale wake Charles, lotuluka mu 1865, anafotokoza za midzi yokhala ndi ng'anjo, owotcha makala ndi osula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi.

Ng'anjozo zinazima pang'onopang'ono pamene zitsulo za ku Ulaya zinayamba kufika zambiri kudzera ku kampani ya African Lakes, ija ya Mandala, yokhazikitsidwa mu 1878, makamaka njanji itafika ku Blantyre mu 1908. Koma chipala sichinazime. Wosula anasiya kukumba miyala ya chitsulo n'kuyamba kutola zitsulo zakutha: sipuling'i ya galimoto, tupa wotha mano, macheka othyoka, mbale za pulawo ya thirakitala. Mpaka lero, pa tsiku la msika, mipeni ya m'chipala imagona pamphasa pafupi ndi ya m'fakitale yochokera ku China, India, Brazil ndi South Africa. Popeza mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wakunja anakwera mtengo, ndipo mpeni wa wosula wa m'mudzi ndi woyenera kuuganizira mofatsa.

Mitundu iwiri ya chitsulo

Chitsulo chachabe ndi chofewa. Chimene chimachilimbitsa ndi kaboni, chinthu chomwe chija chimapanga makala. Chitsulo cha mgolo, cha lata kapena cha nsichi zomangira nyumba chimakhala ndi kaboni wochepa, kawirikawiri wosafika 0.3 peresenti, ndipo ngakhale mutachiphika bwanji sichisunga kuthwa. Chitsulo cha mpeni chimafuna kaboni woyambira pa 0.5 kufika cha pa 1 peresenti.

Mtundu woyamba ndi chitsulo cha kaboni chachizolowezi, chimene chimada ndi kuchita dzimbiri. Pa mipeni ya m'fakitale mungaone manambala ngati 1075 kapena 1095. Manambala awiri omalizawo amanena kuchuluka kwa kaboni: 1095 ili ndi pafupifupi 0.95 peresenti. Sipuling'i zambiri za galimoto ndi za chitsulo chofanana ndi chotchedwa 5160, cha kaboni wa pafupifupi 0.6 peresenti, chimene chinapangidwa kuti chizipindika n'kubwerera osathyoka. N'chifukwa chake osula amachikonda. Ubwino wa chitsulo cha kaboni ndi wakuti chimathwa msanga pa mwala wamba ndipo chimapirira nkhanza. Vuto lake ndi dzimbiri. Kuno kumene mvula imagwa kuyambira November mpaka April, ndipo chiperoni chimabweretsa nkhungu mu June ndi July, mpeni wotere ukagona usiku umodzi wosapukuta umadzuka ndi mawanga ofiira.

Mtundu wachiwiri ndi chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chimene pa mipeni amalemba kuti stainless steel. Munthu wotchuka pochitulukira ndi Harry Brearley wa ku Sheffield m'dziko la England, mu 1913. Chimakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, amene amapanga kakhungu kosaoneka koteteza chitsulocho ku chinyezi. Koma mawu akuti stainless sanena chilichonse za kuthwa. Supuni nayo ndi ya stainless, koma singadule phwetekere. Mipeni yambiri yotchipitsitsa ya pamsika imadindidwa kuchokera ku chitsulo chowala cha kaboni wochepa, ndipo imabuntha musanamalize kudula mutu umodzi wa kabichi. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Stainless wabwino amakhala ndi dzina lake lolembedwa, monga 420HC, 440A kapena 12C27. Womalizayu anayamba kupangidwa ndi kampani ya Sandvik ya ku Sweden, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito pa mipeni ya Mora, tauni ya m'dziko lomwelo kumene fakitale ya mipeni inayamba mu 1891.

Tsono musankhe uti? Yang'anani ntchito yanu. Wogulitsa nsomba, wa pachiwaya ndi mayi wodula phwetekere, anyezi ndi mandimu tsiku lonse apindula ndi stainless wabwino, chifukwa mchere ndi zowawasa zimadya chitsulo cha kaboni. Woluka madengu, wosema mipini, womezanitsa mitengo ya mango ndi woweta ziweto apindula ndi chitsulo cha kaboni, chifukwa chimathwa kwambiri ndipo kunola kwake ndi kwa mphindi zochepa.

Moto ndiwo umapanga mpeni

Mipeni iwiri yochokera ku sipuling'i imodzi ikhoza kusiyana kutalitali, wina wosunga kuthwa mwezi wathunthu, wina wobuntha tsiku lomwelo. Kusiyanako kumachokera pamoto.

Akamaliza kusula, mmisiri wodziwa ntchito amatenthetsa chitsulo mpaka chifiire bwino, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 800. Chizindikiro chosavuta ndi maginito: chitsulo chikapitirira madigiri 770, maginito saachigwiranso. Pamenepo amachiviika msanga m'mafuta. Kuzizira kwadzidzidziko kumatsekera kaboni m'kati mwa chitsulo, ndipo chimauma gwa. Madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri, motero chitsulo cha sipuling'i chikaviikidwa m'madzi nthawi zambiri chimachita ming'alu ing'onoing'ono imene imadzaonekera mpeni utagulidwa kale.

Chitsulo chongoviikidwa kumene chimakhala cholimba koma chophweka kusweka. Chikagwa pa simenti chikhoza kuduka pakati. Choncho pamafunika moto wachiwiri, wofatsa, wa madigiri pafupifupi 200. Mmisiri amapala chitsulocho kuti chiyere, n'kuchitenthetsa pang'onopang'ono akuyang'ana mtundu wake. Chikafika pa mtundu wa udzu wouma amachichotsa. Akachedwa, chimasanduka chofiirira kenako chobiriwira ngati thambo, ndipo pamenepo chafewa kupitirira muyeso wa mpeni. Osula othamangira msika amadumpha moto wachiwiriwu, ena amadumpha yonse iwiri.

M'mafakitale kulimba kwa chitsulo amakuyeza pa sikelo ya Rockwell, yolembedwa HRC. Mpeni wa ntchito zonse umakhala bwino pakati pa 55 ndi 60. Wotsika kuposa pamenepo umabuntha msanga. Wokwera kwambiri umasunga kuthwa, koma umabenthuka ukagunda fupa ndipo mwala wa kumtsinje umalephera kuunola. Wokhala kutali ndi sitolo ya miyala yonolera yakunja asakhumbire mpeni wouma chotere.

Mchira ndi chigwiriro

Mipeni yambiri sifera kunsonga, imafera pakhosi, pamene chitsulo chimakumana ndi chigwiriro. Gawo la chitsulo lobisika m'chigwiriro tingalitche mchira, ndipo limabwera m'njira zitatu.

Njira yolimba koposa ndi ija chitsulo chimapitirira chathunthu mpaka kumapeto kwa chigwiriro, n'kuikidwa matabwa awiri, lina uku lina uku, omangidwa ndi misomali iwiri kapena itatu. Mukayang'ana m'mbali mumachiona chitsulocho pakati pa matabwawo. Ogulitsa amalemba kuti full tang. Matabwa akatha, mmisiri aliyense wa matabwa akhoza kuika ena. Njira yachiwiri ndi mchira wowonda koma wautali, wotulukira kumapeto kwa chigwiriro n'kupindidwa kapena kukhomedwa. Osula athu ambiri amatero, ndipo ngati pakhosi pamangidwa ndi kachitsulo kozungulira koletsa mtengo kung'aluka, mpeni wotere umakhalitsa. Njira yachitatu ndi kamchira kafupi kongolowa pang'ono m'pulasitiki kapena mumtengo. Umenewu ndiwo umazuka tsiku lina muli pakati pa ntchito, n'kuyamba moyo womangidwa ndi malekeni.

Izi sizitanthauza kuti chigwiriro cha pulasitiki ndi choipa. Mipeni ya Mora ndi ina ya Tramontina, kampani ya ku Brazil yoyamba mu 1911, ili ndi pulasitiki yolimba youmbidwira pa mchira wautali bwino, ndipo siimwa madzi kapena magazi. Chofunika ndi kutalika kwa mchira. Maginito amphamvu, monga ochokera m'sipika yakutha, akhoza kukuuzani: ayendetseni pa chigwiriro, ndipo pamene asiyira kukoka ndi pamene chitsulo chathera.

Chigwiriro cha mtengo chikhale cha mtengo wouma ndi wolimba, monga muwanga, mlombwa, mbawa kapena mphingo. Paini ndi wofewa, misomali imagwedera msanga. Mtengo wauwisi umafota ukauma n'kusiya mpata pamene zotsalira za chakudya zimawolera. Gwirani mpeniwo ngati mukugwira ntchito: zala zonse zinayi zikwane, pasakhale msomali wotuluka wobaya chikhatho, ndipo pakhale kabondo kapena kotupa koletsa dzanja kutsetserekera kothwa likanyowa.

Msinkhu woyenera

Mpeni wa ntchito zonse sufunika kukhala waukulu. Chitsulo cha masentimita 10 mpaka 13, chochindikala mamilimita 2 mpaka 3 kumsana, chimakwanitsa kusenda, kusema, kutumbula ndi kudula ndiwo. Chochindikala mamilimita 5 kapena 6 chimang'amba mbatata m'malo moidula ndipo chimatopetsa dzanja. Nsonga ikhale yotsikira pang'ono, chifukwa yosongoka kwambiri imaboola matumbo posenda mbuzi ndipo imathyoka msanga. Mbali yodulira ikhale yosalala. Ya mano ngati macheka imadula buledi ndi chingwe bwino idakali yatsopano, koma ikabuntha mwala wafulati sungainole.

Chenjerani ndi zimipeni zija anyamata amazitcha za Rambo, zotengera filimu ya First Blood ya 1982: zazitali, za mano kumsana, za chigwiriro cha mphako chokhala ndi kampasi. Popeza chigwirirocho ndi champhako, pa zotsanzira zotchipazi chitsulo chimangolumikizidwa ndi kabawuti kamodzi pakhosi, ndipo m'pomwe zimadukira. Ntchito yodula nthambi, kusadza mitengo ndi kuduladula nsenjere za ng'ombe ndi ya chikwanje. Kugula chikwanje ndi mpeni waung'ono n'kotchipa kusiyana ndi kuthyola mipeni itatu poikakamiza ntchito ya chikwanje.

Woweta amene amazinga yekha ziweto akhale ndi mpeni wina wapadera. Asilamu, amene ndi ambiri m'midzi ya Ayao m'bomali, amaphunzitsidwa kuti mpeni wozingira ukhale wakuthwa kwambiri kuti nyama isazunzike. Kwa mbuzi umafunika wotalikirapo, ndipo usamagwire ntchito zina zoubunthitsa.

Kuyesa musanalipire

Pamsika palibe sikelo ya Rockwell, koma maso ndi manja zimakwanira. Yambani mwaloza mpeni kumwamba n'kuyang'ana motsatira msana wake: ukhale wowongoka, wosapotoka. Pendekerani mbali yodulira padzuwa. Pamene pakunyezimira ndi pobuntha kapena pobenthuka, pakuti pakuthwa sipabweza kuwala. Yang'anitsitsani pakhosi ndi m'mbali yodulira ngati pali timizere takuda ta ming'alu. Gwirani chigwiriro ndi dzanja limodzi, msana wa chitsulo ndi linalo, n'kugwedeza: pasamveke kugwedera ngakhale pang'ono. Mpeni wopyapyala mukaupinda pang'ono uyenera kubwerera m'malo mwake. Ukakhala chipindikire, chitsulocho sichinaphikidwe.

Kwa wosula, muyeso wabwino ndi tupa. Pemphani mwaulemu kuti, "Bambo, tandibwerekani tupa ndiyese pang'ono apa." Pa chitsulo chofewa tupa amaluma kwambiri n'kugwetsa utuchi wambiri. Pa mpeni wophikidwa bwino amangoluma pang'ono movutikira. Akamatsetsereka osaluma n'komwe, mwina moto wachiwiri uja sunachitike ndipo mpeniwo ukhoza kubenthuka. Funsaninso kuti, "Chitsulochi mwachitenga ku chiyani? Mwaviika m'madzi kapena m'mafuta?" Mmisiri wodziwa ntchito yake amayankha mosangalala, ndipo ambiri amalola kuti museme kamtengo kouma kangapo kenako muyese kudula pepala. Mpeni wabwino umadulabe pepalalo mosang'amba.

Musakhulupirire chidindo chokha. Mawu akuti Germany kapena Japan aliyense akhoza kuwadinda. Wa m'fakitale weniweni umadziwika ndi ntchito yaukhondo: misomali yofanana ndi thabwa, zilembo zomveka, mbali ziwiri za chitsulo zopalidwa mofanana. Ubwino wa wosula wa kwanu ndi wakuti mukudziwa kumene amakhala. Chigwiriro chikazuka mumabwerera naye, ndipo mukhoza kumuuza msinkhu ndi maonekedwe amene mukufuna asanayambe kusula.

Kunola ndi kusamala

Mwala wonolera ukhale wafulati ndi wa mchenga wosalala. Wa m'sitolo wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, ndi wotchipa ndipo umatha zaka. Thirani madzi, gonekani chitsulo pamwala, n'kukweza msana wake mpaka madigiri pafupifupi 20. Kuti mupeze muyeso umenewu, imikani mpeni chilili pamwala, upendekeni theka, kenako theka la thekalo. Nolani mbali imodzi osasintha kapendekedweko mpaka chala chimve kamlomo kopyapyala kopindikira mbali inayo, kuyambira pakhosi mpaka kunsonga. Tembenuzani n'kuchita chimodzimodzi. Malizani pa mbali yosalala ya mwala mopepuka, kenako kokerani mpeni chammbuyo pa lamba wachikopa kuti kamlomo kaja kachoke. Kunsi kwa kapu yadothi ya m'sitolo, kumene kulibe utoto wowala, kumathandizanso kudzutsa mpeni umene wangoyamba kubuntha.

Kunola pa simenti ya khonde kumadya chitsulo n'kusiya mano okhakhala. Choopsa kwambiri ndi makina amagetsi opalira zitsulo a owotcherera. Amatenthetsa mbali yopyapyalayo m'kanthawi kochepa, ndipo ikangosintha mtundu n'kubiriwira, kulimba kumene moto unapereka kwatha pamalopo.

Dulirani pa thabwa, osati pa mwala, pa mbale yachitsulo kapena pa chivundikiro cha poto. Mukamaliza tsukani, pukutani, ndipo wa kaboni muupake kadontho ka mafuta ophikira. Oyilo wa galimoto asayandikire mpeni wodulira chakudya. Musauviike m'beseni la mbale usiku wonse, chifukwa mtengo umatupa n'kung'aluka. Dzimbiri likayamba, phulusa lonyowa kapena mchenga wosalala umalichotsa. Kuda kwa phulusaphulusa kumene chitsulo cha kaboni chimatenga pakapita nthawi si dzimbiri ayi, ndipo kumathandiza kuchiteteza, choncho musakupale. Mpeni umene wadula nyama yaiwisi utsukidwe ndi sopo usanakhudze phwetekere kapena zipatso zodya zosaphika.

Chimake, mabala ndi malamulo

Mpeni wosapinda wopanda chimake ndi ngozi m'thumba ndi m'dengu. Wosoka nsapato akhoza kukusokerani cha chikopa. Muuzeni aike kachikopa kena pakati pa msoko kuti mpeni usadule ulusi. Paipi ya pulasitiki yofewetsedwa pamoto n'kuphwatalitsidwa imapanganso chimake chabwino chosaopa mvula. Chikopa chimasunga chinyezi, motero mpeni wa kaboni usagone m'chimake chachikopa miyezi yonse ya dzinja.

Mipeni yobuntha imavulaza anthu ambiri, chifukwa munthu amaikankha mwamphamvu ndipo imaterereka. Posema, chitsulo chiziyenda chochoka kwa inu. Popatsira mnzanu, muuike pansi kapena mulozetse chigwiriro kwa iye. Mukatemeka, tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, likanikizeni ndi nsalu yoyera, ndipo likakhala lakuya pitani kuchipatala chapafupi, kaya ku Namitambo, ku Namadzi, ku Nguludi kapena ku chipatala chachikulu cha paboma. Kafumbata sachokera ku dzimbiri monga ambiri amaganizira. Amachokera ku tizilombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo mpeni wa kudimba kapena wa kukhola umatinyamula ngakhale ukuwala. Katemera ndiye amateteza.

Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda pagulu ndi chida choopsa popanda chifukwa chomveka. Mpeni umene uli m'dengu la wopita kudimba, kapena m'chikwama cha wopita kukasenda mbuzi pa ukwati, uli pa ntchito yake. Womwewo ukapezeka m'chiuno pa malo omwera mowa, pa bwalo la mpira kapena pa msonkhano wa ndale, mwini wake ayenera kukafotokoza kupolisi. Pa ulendo wa minibasi uikeni m'chimake, muukulunge, ndipo ukhale pansi pa katundu.